Tebulo likasowa pa Likoma

Kale kupita kunyanja kukangopuma kunkaoneka ngati mwambo wa azungu ndi anthu ochepa a m'matumba molemera. Mmalawi wamba ankatsikira kunyanja kukagula usipa, kukazonda abale kapena kukakhuza maliro. Masiku ano zinthu zidasintha. Likayandikira tsiku la anakubala pa 15 October, ngakhalenso nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka, misewu ya ku Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay imadzaza ndi mabanja, makwaya ndi magulu a amayi a m'mipingo omwe akhala akusonkha ndalama kwa miyezi kuti nawonso akasambe m'nyanja ya dziko lawo. Ena olimba mtima amapitirira mpaka pachilumba cha Likoma, ulendo wolira kudekha ndi ndalama zochuluka ndithu.

Pakati pa nkhani zokoma zomwe mabanjawa amabwera nazo pali dandaulo limodzi lomwe limamvekamveka, ndipo kafotokozedwe kake sikasiyana kwenikweni, kaya zachitikira ku Mangochi, kaya ku Likoma. Bambo adaimba foni kudakali masiku, nasungitsa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi pamalo ena odyera a m'mphepete mwa nyanja. Tsiku lakwana, banja lonse lasamba, latchena, layenda mtunda dzuwa likupendeka. Pageti mlonda akufunsa ngati wapolisi wa pamsewu: mukufuna ndani, mwachokera kuti, mitengo ya muno mukuidziwa? Atalowa, woperekera zakudya akutsegula buku, akuyendetsa chala m'mizere, kenaka nkupukusa mutu. Dzina mulibe, malo atha. Banja lidakali chilili, akutulukira alendo awiri achizungu mchenga uli mbuu kumapazi, ndipo akulandiridwa mwansangala mpaka pa tebulo loyang'ana kumadzi. Apa mwana wamng'ono ndiye amafunsa mokweza funso lomwe akuluakulu akulimeza: nanga awowa alowa bwanji?

Funso la mwanayu ndi lolemera kuposa mmene limamvekera, pakuti yankho lomwe alipeze tsiku limenelo adzakula nalo. Akauzidwa kuti nchifukwa cha khungu lake pomwe sichoncho, tabzala mwa iye chidani chopanda maziko. Akauzidwa kuti palibe chachitika pomwe maso ake aona, tamuphunzitsa kumeza chipongwe ngati mankhwala.

Tiyambe ndi kukhitchini, komwe ambirife sitifikako. Likoma ndi chilumba chaching'ono cha miyala, mchenga ndi malambe, chozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, moyang'anizana ndi mudzi wa Cobue. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonseli, kuphatikizapo a pa Chizumulu. Nthaka yake siibereka zambiri kupatula chinangwa, kotero chimanga, mpunga, anyezi, mafuta ophikira ngakhale nkhuni zimawoloka pamadzi kuchokera ku Nkhata Bay kapena kutsidya ku Mozambique. Sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanjapa mu 1951, yakhala kwa zaka zambiri ikuima pa Likoma kawiri pa sabata, polowera kumpoto ndiponso pobwerera ku Monkey Bay. Mwera ukakuntha m'miyezi yozizira, mabwato ang'onoang'ono amagona kumtunda ndipo ngakhale nsomba imasowa pakati pa nyanja. Magetsi nawo, asanaikidwe makina a mphamvu ya dzuwa mu 2020, ankachokera ku majenereta a dizilo omwe sankalira tsiku lonse.

Wophika wa pamalo otere sangathamangire kusitolo ngati mnzake wa mu Blantyre. Amaphika mowerenga mitu. Malo ambiri ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amakonza mgonero wa mtundu umodzi kwa onse, ndipo oyamba kuwerengedwa ndi omwe akugona pomwepo, amene mwina adalipiriratu chipinda ndi chakudya pamodzi. Alendo awiri a mchenga kumapazi aja akhoza kukhala otero: sadasungitse tebulo chifukwa tebulo lawo lidabwera ndi kiyi wa chipinda. Dzina la banja nalo lili ndi njira zambiri zosochererera. Foni idayankhidwa ndi mnyamata wa boti yemwe adaiwala kuuza a kukhitchini. Uthenga wa pa intaneti udafikira ku ofesi ya ku Lilongwe nukhala komweko. Sitima idachedwa ndi tsiku lathunthu, ndipo alendo a dzulo ndi a lero adakumanizana pa mphika umodzi. Zonsezi ndi kusalongosoka kwa ntchito, ndipo mlendo ali ndi chifukwa chodandaulira, koma si tsankho.

Mpofunika kunena izi momveka chifukwa kunamizira munthu ndi tchimo ngakhale wonamizirayo atakhala kuti wapwetekedwa mtima. Chilumba cha Likoma chomwecho chili ndi chikumbutso chake. Malo omwe pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's amatchedwa Chipyela chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Oganiziridwa, osati opezeka ndi umboni. Mlandu wogamulidwa ndi mkwiyo wa gulu umapsereza wolakwa ndi wosalakwa yemwe, ndipo masiku ano moto wake ndi Facebook.

Komabe wina asafulumire kunena kuti mabanja odandaulawa akungolota. Kukayikira kwawo kuli ndi mbiri, ndipo anthu a ku Likoma mbiriyi amaidziwa bwino kuposa ambiri. Sukulu za mishoni zidatulutsa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri omwe adabalalika kukagwira ntchito ku migodi ya Copperbelt, ku Salisbury, ku Bulawayo mpaka ku Joni. Kumeneko adakapeza kuti munthu wodziwa kulemba Chingerezi chosalala sangalowe pakhomo la kutsogolo la butchala. Ku Northern Rhodesia wakuda ankagulira nyama pa kazenera ka kumbali, kulandira chomwe wapatsidwa osachiona, mpaka chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chidatsogolera anthu kunyanyala mabutchala a mu Lusaka mu 1954. Mu 1957 Kenneth Kaunda, mwana wa mphunzitsi wochokera kuno ku Nyasaland, adalowa m'malo ena odyera mu Kitwe kuti agule chakudya. Adamutcha boyi, namutulutsa mwankhanza. Patangotha zaka zisanu ndi ziwiri munthu yemweyo adali mtsogoleri wa dziko la Zambia.

Ku South Africa tsankholi lidali lamulo lolembedwa. Kuyambira 1953 mpaka 1990 lamulo lidalola kugawa malo odyera, mabenchi, zimbudzi ngakhale magombe a nyanja potengera khungu. Ku America nako, pa 1 February 1960 ophunzira anayi akuda adakhala pamipando ya azungu m'sitolo ya Woolworth mumzinda wa Greensboro, nakana kuchoka atakanizidwa chakudya, ndipo lamulo lothetsa tsankho m'malo otere lidadza mu 1964. Nzochititsa chidwi kuti m'maiko onsewa nkhondo ya ufulu idadzera pa mbale ndi pa mpando. Wokukaniza kudya naye wanena zonse za mmene amakuonera, ngakhale asatsegule pakamwa.

Malamulo aja adafafanizidwa, koma mitima siifafanizika ndi cholembera. Mu 2016 mwini nyumba ina ya alendo ku Sodwana Bay, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, adayankha munthu wofuna kusungitsa malo kuti salandiranso anthu akuda. Chomvetsa chisoni kwa ife okhulupirira nchakuti atafunsidwa ndi atolankhani adati akutsata Baibulo. Khoti lidamupeza wolakwa mu 2018. Pa tsiku la Khirisimasi mu 2022, pamalo opumulirapo a Maselspoort pafupi ndi Bloemfontein, anyamata awiri akuda omwe adali patchuthi ndi banja lawo adachitidwa nkhanza ndi amuna achizungu pa dziwe losambira, ndipo amuna atatu adakaonekera kukhoti. Abale athu ambiri ali ku South Africa, ndipo nkhani zotere zimafika m'mafoni a kumudzi tsiku lomwelo. Bambo woima pakhomo la malo odyera ku Likoma amakhala atazisenza zonsezi m'mutu.

Vuto la tsankho la masiku ano ndi lakuti silikhomanso chikwangwani. Limavala ulemu, limamwetulira, limati pepani malo atha. Mawu omwewo akhoza kukhala oona lero nkukhala bodza mawa, ndipo wopwetekedwa amabwerera alibe chogwira m'manja chomwe angaonetse munthu. Nchifukwa chake ena amapsa mtima mopitirira, ena amangoti zii nkulumbira kuti sadzapondakonso.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Pali zinthu zomwe munthu wodekha angathe kuziona. Chachikulu ndi ichi: kodi lamulo lomwe latibweza ife likugwira aliyense? Ngati malo salandira anthu osagona pomwepo, mzungu wochokera kunja kwa geti nayenso abwezedwe. Ngati pamafunika kulipiriratu, onse alipiriretu, osati wina kumuonetsa bilu asanakhale pansi pomwe mnzake aionera kumapeto. Tione ngati mafunso a pageti akufunsidwa kwa onse olowa. Tionenso chomwe chikuchitika cholakwa chikadziwika. Malo omwe angosokoneza buku amachita manyazi, amapepesa, amathamanga kukafuna tebulo lina kapena kupempha kuti mubwere mawa. Malo omwe sakukufunani sachita manyazi. Amangoyang'ana kumbali kudikira kuti muchoke.

Ndalama nazo zimasokoneza nkhaniyi. Malo ena a kunyanja amawerengera mitengo yawo m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mbale imodzi ya kumeneko idafika pa ndalama yomwe banja lingadyere masiku angapo. Kukwera mtengo si tsankho. Wamalonda ali ndi ufulu woika mtengo womwe akufuna, ifenso tili ndi ufulu wopita kwina. Tsankho limayamba pomwe munthu ayang'ana khungu lako nagamula yekha kuti sungakwanitse, usanatulutse nkomwe chikwama. Ndipo tisaiwale msanga kuti mu 2020, ndege zitaleka kutera kaamba ka mliri wa Covid-19, malo ambiri a kunyanja adatsitsa mitengo nayamba kuitana Amalawi mokoma. Amene adakusunga pa chilala sumuimika pageti mvula ikagwa.

Pali chinthu china chowawa chomwe sitingachizembe. Kawirikawiri wotiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi si mzungu ayi. Ndi mwana wa kwathu konkuno, wobatizidwa monga ife, mwina woimba kwaya Lamulungu. Zifukwa zake zilipo. Malipiro ndi ochepa, ndipo iye adaona kuti mlendo wakunja amasiya kangachepe pa tebulo pomwe ife timawerenga chenji mpaka kobiri lomaliza. Mwina adauzidwa ndi abwana ake kuti asalole anthu ongodzajambulitsa zithunzi, ndipo poopa kuchotsedwa ntchito amabweza aliyense wofanana ndi iye mwini. Koma pansi pa zonsezi pali matenda akale omwe tidatengera ku nthawi ya atsamunda, oganiza kuti choyera ndiye cholemekezeka. Yakobo, m'mutu wachiwiri wa kalata yake, adafotokoza za anthu awiri olowa mumsonkhano, wina wa mphete yagolide ndi zovala zokongola, wina wausiwa. Woyambayo amulozera mpando wabwino, wachiwiriyo amuuza kuti aimirire kapena akhale pansi. Yakobo sadalembere eni mahotela. Adalembera mpingo, ndipo adautcha mchitidwewu tchimo popanda kuzungulira.

Mlendo aliyense wofika pa Likoma amapita kukaona tchalitchi cha St Peter's. Mwala wake wa maziko udaikidwa mu 1903, chidatsegulidwa mu 1905 nkupatulidwa mu 1911, ndipo mpaka lero munthu amadabwa kuti nyumba yaikulu chotero idamangidwa bwanji pakachilumba kotere. Koma ndi ochepa amalingalira za munthu yemwe dzina lake lili pa tchalitchicho. Pa atumwi onse, Petro ndiye adavutika kwambiri ndi nkhani ya tebulo.

Buku la Machitidwe, mutu 10, likusimba kuti Petro ali pa tsindwi ku Yopa, njala itamugwira, adaona masomphenya a chinsalu chodzaza ndi nyama zomwe Myuda sakadadya. Adakana katatu. Atatsika adapeza amithenga a Korneliyo, msilikali wa Chiroma, ndipo adapita nawo ku Kaisareya nalowa m'nyumba ya munthu wa mtundu wina, chinthu chomwe mwambo wa kwawo unkaletsa. Kumeneko adavomereza pamaso pa onse kuti Mulungu alibe tsankho. Atabwerera ku Yerusalemu, mlandu womwe abale adamuimba sudali wa chiphunzitso. Adamufunsa chifukwa chomwe adadyera ndi anthu osadulidwa. Petro adadziteteza bwino, ndipo tikadayembekezera kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma kalata ya Paulo kwa Agalatiya, mutu 2, ikutionetsa Petro yemweyo ku Antiokeya patapita nthawi. Ankadya momasuka ndi Akhristu a mitundu ina mpaka tsiku lomwe kudafika alendo ochokera kwa Yakobo ku Yerusalemu. Pomwepo adayamba kudzipatula. Sadalalike chiphunzitso chonama, sadatukwane munthu, sadathamangitse aliyense. Adangosuntha mbale yake. Ayuda ena adamutsatira, mpaka Barnaba, munthu wofatsa uja, adatengeka nawo. Tiyerekeze mmene adamvera Mkhristu wa ku Antiokeya yemwe dzulo lake adanyema mkate ndi mtumwi wamkulu, lero nkupeza kuti pa tebulo paja palibenso malo ake. Akadafunsa, mwina akadauzidwa mawu aulemu, ndipo akadabwerera kunyumba osadziwa ngati wanyozedwa kapena ayi.

Paulo sadaione nkhaniyi ngati yaing'ono. Adamutsutsa Petro pamaso, anthu onse akumva, ponena kuti khalidwe lakelo silinkayenda molingana ndi choonadi cha Uthenga Wabwino. Chomwe chidamugwetsa Petro sichidali chidani. Paulo akuti adali mantha, kuopa zomwe alendo olemekezeka aja angaganize. Mantha omwewo ndi amene amagwira woperekera zakudya poona banja la kwawo likulowa pomwe alendo akunja akhala kale, naganiza mumtima kuti kodi awa sasokoneza mtendere wa mabwanawa.

Mbiri ya mpingo pa Likoma nayo ili ndi Yopa wake ndi Antiokeya wake. Amishonale a Universities' Mission to Central Africa adakhazikika pachilumbachi mu 1885, nthawi yomwe malonda a akapolo adali pachimake panyanjapa, ndipo ambiri adataya moyo pantchitoyi. Bishopu Chauncy Maples adamira m'nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene. William Percival Johnson adatumikira midzi ya m'mphepete mwa nyanja kwa zaka zoposa 40, akudya ndi kugona monga anthu omwe ankawalalikira, mpaka imfa yake mu 1928. Mishoniyi idadzoza ansembe akuda msanga: Yohanna Abdallah mu 1898, Leonard Kamungu mu 1909, ndi ena monga Augustine Ambali wa ku Msumba. Izi nzoyamikika, ndipo wosazivomereza ndi wosayamika.

Komabe mpando wa ubishopu udakhala m'manja mwa azungu kwa zaka 80. M'mamishoni ambiri a nthawi imeneyo, a mipingo yosiyanasiyana, oyera ndi akuda ankagwada pa guwa limodzi m'mamawa, koma ikakwana nkhomaliro aliyense ankalowera kwake. Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican adali Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma pomwepa, wobadwa mu 1903, chaka chomwe maziko a tchalitchi chija adaikidwa. Ali mnyamata ankasamala agalu a wansembe wina wachizungu. Adadzozedwa ubishopu mu 1965, dziko litalandira kale ufulu, ndipo mu 1971 adakhala bishopu woyamba wa dayosizi ya Lake Malawi. Mnyamata wa agalu uja sadasinthe khungu kuti ayenere mpandowo. Adasintha ndi maso a omuyang'ana, ndipo adatenga nthawi yaitali kuti asinthe.

M'Chichewa chathu liwu loti mgonero limatanthauza chakudya cha madzulo komanso phwando loyera la Ambuye. Akhristu oyambirira sankasiyanitsa kwambiri ziwirizi, ndipo nchifukwa chake Paulo adakalipira a ku Korinto, mu 1 Akorinto 11, pomva kuti pamsonkhano olemera ankadya nkukhuta pomwe osauka ankabwerera ndi njala. Tisanaloze chala malo odyera a kunyanja, tiyang'ane matebulo athu. Pamaliro, ndani amaitanidwira m'nyumba kukadya mpunga wa nkhuku, ndipo ndani amatsala panja ndi nsima ya nyemba? Paukwati, amakhala kutsogolo ndi amene adalera mkwatibwi kapena amene abwera pa galimoto yaikulu? Nanga banja lochokera chigawo china, lolankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, likasamukira mumpingo mwathu, limatenga zaka zingati lisanaitanidwe kudzadya kunyumba kwa mkulu wa mpingo? Anthu a pa Likoma adalandira abale a kutsidya omwe ankathawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, nagawana nawo kondowole wochepa yemweyo. Sitikudziwa ngati ife a m'mizinda, omwe timadandaula za pageti, timamulandira chomwecho mnyamata wa ku Mozambique wodzafuna ganyu pakhomo pathu.

Nanga banja lichite chiyani litaima pakhomo paja? Buku la Yoswa, mutu 22, lili ndi nkhani yomwe siilalikidwa kawirikawiri. Mafuko a Rubeni, Gadi ndi theka la Manase adamanga guwa lalikulu m'mbali mwa Yordano. Aisraele ena atamva adasonkhana ku Silo kukonzekera nkhondo, poganiza kuti abale awo apandukira Mulungu. Koma asanasolole lupanga adatuma Finehasi ndi akalonga khumi kukafunsa. Adakapeza kuti guwalo lidali chikumbutso chabe, chomangidwa ndi anthu oopa kuti ana awo adzasalidwa m'tsogolo chifukwa chokhala kutsidya la mtsinje. Onse awiri adali ndi mantha, ndipo funso limodzi lidapulumutsa magazi ambiri.

Kufunsa ndiye poyambira. Osakalipira woperekera zakudya, yemwe kawirikawiri alibe mphamvu iliyonse, koma kupempha mwaulemu kuonana ndi woyang'anira malowo. Kumufotokozera tsiku lomwe tidasungitsa tebulo ndi yemwe tidalankhula naye, kenaka nkumufunsa mosabisa ngati alendo omwe angolowawo akugona pomwepo kapena adasungitsa malo. Funso lotere, lofunsidwa ndi mawu otsika, limavuta kulizemba. Ana omwe akuonerera amaphunzirapo kuti munthu akhoza kuima pa ulemu wake popanda kutukwana.

Ena amaganiza kuti Mkhristu weniweni amangokhala chete nkuchoka. Paulo sadatero ku Filipi. Atamenyedwa ndi kutsekeredwa popanda mlandu, akuluakulu a mzinda adatumiza uthenga m'mamawa kuti amasulidwe mwakachetechete. Iye adakana, nati popeza adawamenya poyera iwo ali nzika za Roma, akuluakuluwo abwere okha kudzawatulutsa, ndipo adabweradi nkupepesa. Sadachite izi pofuna kubwezera. Kumbuyo kwake kunkatsala kampingo kakang'ono ka m'nyumba ya Lidiya, komwe kakadavutika akuluakuluwo akadazolowera kuchita zotere popanda wowafunsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Banja lomwe lameza chipongwe mwakachetechete lasiyira banja lotsatira geti lomwelo ndi mlonda yemweyo.

Eni malo ndi ogwira ntchito omwe amawerenga tsamba lino nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo si yovuta. Ngati malo salandira anthu osagona pomwepo, kapena ngati mgonero uyenera kuitanitsidwa isanakwane nthawi yakutiyakuti, zilembedwe pageti m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti mlonda asamagamule ndi maso. Buku la matebulo likhale limodzi, ndipo wolandira foni azibwereza dzina, tsiku ndi chiwerengero cha anthu. Cholakwa chikachitika, mawu oti talakwa ndife salira ndalama. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zomwe waona amapita nazo kutali. Pachilumba pomwe aliyense amadziwa mnzake, nkoyeneranso kukumbukira kuti gombe lomwe lero pali mipando ya alendo ndi lomwe makolo a ogwira ntchitowo ankayanikapo makoka ndi kuchapirapo zovala.

Kwa mabanja omwe akukonzekera ulendo, mawu a pakamwa okha sakwanira. Mutatha kulankhula pafoni, tumizani uthenga wolembedwa, kaya pa WhatsApp, wotchula tsiku, nthawi, chiwerengero cha akulu ndi ana, ndipo pemphani kuti akuyankheni molemba pamodzi ndi mtengo wake. Funsani ngati amalandira anthu ogona kwina. Mukalipiriratu kudzera pafoni, sungani uthenga wotsimikiza malipirowo. Mukangotsika sitima kapena ndege, imbaninso foni, chifukwa pa Likoma tsiku la ulendo limalamulidwa ndi nyanja.

Zikachitika kuti mwafunsa modekha, mwaona ndi maso, ndipo mwatsimikiza kuti mwabwezedwa chifukwa cha khungu kapena mtundu wanu, lamulo lili mbali yanu. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, komwe adachokera ngakhale chuma chake. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo a kuphwanyiridwa ufulu, la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula, ndipo malo ogona alendo ndi odyera amayenda ndi chiphaso cha boma chomwe chili ndi zoyenera kutsata.

Tikadalangiza kuti kalata yoyamba ipite kwa mwini malo, pakuti nthawi zina iye sadziwa zomwe zimachitika pageti pake, ndipo pamalo amodzi otere pamadyera mabanja ambiri a pachilumba omwe sadalakwe kanthu. M'kalatamo mulembe tsiku ndi ola, zomwe mudauzidwa monga momwe zidanenedwera, zomwe mudaona, ndi omwe adalipo. Zomwe mukungoganizira muzitchule kuti ndi zoganizira. Muphatikizepo uthenga wosungitsira tebulo uja, musunge kope lanu, ndipo mutchule tsiku lomwe mukuyembekezera yankho musanapite nayo nkhaniyo ku mabungwe aja. Ulendo wa pamadzi wobwerera ku Nkhata Bay umatenga maola angapo, okwanira kuti bambo ndi mayi akumbutsane zonse mwadongosolo zisanayambe kuiwalika.